Mimba ya Kalulu wa Balandilodi

Lolemba

Balandilodi athu, Bana Mwansa, anyamuka kupita ku ukwati ku Kitwe. Andisiyira Bupe, kalulu wawo woyera amene amamutcha mwana wotsiriza. Mawu awo pageti: "Mimba yake ni yovuta. Mumupase chabe mauzu youma na manzi. Akafa, na imwe musakile kwina kokhala." Akuseka. Ine sindikuseka, Amake Tisa anachotsedwa pano chifukwa cha duwa limodzi.

Koma pulani ndili nayo. Chipinda chakutsogolo, chokhala ndi windo, chilibe munthu. Ine zaka zitatu muno m'Chawama ndikugona khoma limodzi ndi chimbudzi. Ndimunenepetse Bupe, mwini wake akondwe, chipinda ndilowe. Udzu? Kwathu ku Katete mlendo sapatsidwa udzu. Kuumira chabe! Thumba lawo la udzu ndakolezera mbaula.

Lero wadya:
banzi theka
chitumbuwa chimodzi
chimbala (nsima yotsala dzulo)
kabichi, masamba asanu

Lachiwiri

Mayo ine! M'khola muli phala lokhalokha, kumchira kwada bii. Choopsa kwambiri, m'mawa ndamupeza akudya ndowe zake zomwe. Ndamukalipira, ndamuopseza ndi tsache. Ndi matenda, kapena wina wamulodza? Kabichi ndaletsa. Ndawonjezera mabanzi kuti m'mimba mumange.

Lachitatu

Mwamanga zedi. Ndowe ngakhale imodzi palibe. Ndasesa khola katatu, ndafufuza ndi m'makona momwe. Bupe wangokhala ndwii, mimba ngati ng'oma, akukukuta mano. Banzi salinunkhiza n'komwe.

Bana Mwansa atuma foni: "Mwana wanga ali bwanji?" Ndayankha kuti akusewera. Mulungu andikhululukire.

Lachinayi

Ba Zulu, a chipinda chapakati, ayima pakhola nthawi yaitali manja kumbuyo. Akuti: "Mulamu, akafa yeka nyama izaonongeka. Ine tomato na anyezi nili navo." Ndawathamangitsa. Madzulo ndikumva akunola mpeni pasitepe, akuimba nyimbo ya maliro.

Khola ndalikokera m'nyumba. Ndayamba kuyang'ana katundu wanga ndi diso la wilibala: matiresi, mbaula, mapoto. Ulendo umodzi zikwana. Koma wopita kuti?

Lachisanu

Ndabereka Bupe pachitenje, ulendo kwa dokotala wa ziweto. M'minibasi mayi wina wavundukula kuti aone khanda, waona makutu, wakuwa, watsika asanafike kwawo.

Dokotala wagwira mimba, wandifunsa zomwe wadya. Ndatchula zonse. Wavula magalasi. Akuti kalulu akasiya kudya ndi kuchita chimbudzi tsiku limodzi lokha, imfa ili pakhomo, ine ndadikira masiku awiri. Za kudya ndowe waseka mpaka kutsokomola. Akuti zofewa zija ndi chakudya chake, akalulu onse amatero, ndinamulanda mbale pakamwa.

Wamubaya jekeseni. Malamulo:
mankhwala ndi madzi, pang'onopang'ono m'kamwa
kumusisita mimba mofatsa
kumuyendetsa pabwalo
udzu, udzu, udzu!

Udzu wake uti? Dzuwa ili, Chawama yonse fumbi lokhalokha.

Loweruka

Ndayenda mpaka kumapulazi, ndazula udzu m'mbali mwa waya, galu wandithamangitsa, patapata imodzi yatsala komweko.

Masana onse ndakhala pamphasa, kalulu pamiyendo, ndikusisita. Mwamuna wanga malemu sindinamusisitepo chonchi. Bupe watola kaudzu kamodzi, watafuna. Kenaka kena.

Itakwana folo koloko, tindowe titatu! Tating'ono, touma, tokongola! Ndaimba nthungululu. Azimayi a kwaya amene amadutsa alowa kufunsa ngati kwabadwa mwana. Ndawaonetsa pachikhato. Atuluka osatsanzika.

Pofika madzulo takwana khumi ndi tiwiri. Ba Zulu aphika tomato wawo yekha.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Ndatsuka khola, ndapukuta Bupe, ndabwezera zonse m'malo mwake.

Bana Mwansa afika masana. Asanaike chikwama pansi amunyamula, amuyeza m'manja, atukula mchira. Andiyang'ana. "Munamupasa kabichi." Ndisanatsegule pakamwa, Ba Zulu ayamba kale kuwerenga: mabanzi, chitumbuwa, chimbala, ndi minibasi yomwe. Za mpeni aiwala.

Sindinachotsedwe. Chipinda chakutsogolo apatsa Ba Zulu, akuti ndi munthu wonena zoona. Khola alisamutsira pakhomo panga, akuti Bupe wazolowera manja anga, ndizimusisita m'mawa uliwonse ndi kuwauza ndowe zingati.

Basi. Kumanzere chimbudzi cha anthu, kumanja cha kalulu, ine pakati. Mawa ndilawirira kukazula udzu, galu uja asanadzuke.