A Magesa, Msimbiti Yekhayo wa ku Barking

Aliyense mumpingo wathu wa ku Barking, kuno ku London, akudziwa kuti a Magesa ankatineneza kwa Mulungu m'chilankhulo chimene sitinkachimva. Akapatsidwa mpata wopemphera, ankatsinzina n'kuyamba Chisimbiti, chilankhulo cha kwawo, mokweza ngati akuitana munthu amene ali kutsidya kwa mtsinje wa Thames. Iwe n'kumangomva mawu achilendo akugubuduzika, kenaka mwadzidzidzi dzina lako. "Gladys." Apitirize pang'ono, "Gladys" kachiwiri. Mayi Gladys, nesi amene ngakhale madokotala amamuopa, ankachita kutuluka thukuta m'chisanu cha mwezi wa Januwale.

Tsiku lina mayiwo anawatsekereza pakhomo n'kuwafunsa chimene auza Mulungu.

"Kamufunseni mwiniwake, mayi," anatero a Magesa. "Wamva zonse."

Nkhaniyi ndinaipereka kuti ilowe m'kalata ya mpingo, akuluakulu akana. Ndiye ndikuiika pagulu lathu la pafoni, muiwerenge nonse, ndipo dzina langa sindibisa: ndine Mwayiwathu.

Kwa amene simunawaone, a Magesa anali a ku Rorya, kumpoto kwa Tanzania, kufupi ndi nyanja ya Victoria, mwana wa msodzi. Anakwatira Mmalawi, malemu Mayi Justina, amene anawakokera mumpingo mwathu n'kuwaphunzitsa Chichewa. Anayendetsa basi mpaka kupuma ntchito. Ukangolakwitsa n'kuwatchula Mswahili, ankakugwira mkono pasiteshoni n'kukufotokozera za ng'ombe za kwawo, mapira, chinangwa ndi ngalawa ya bambo awo, masitima atatu n'kukudutsa uli pomwepo.

Ndiye kunabwera Lamulungu lija lopempherera mitundu. Abusa Biswick anatulutsa pepala limene anatenga pa intaneti, n'kuwerenga ndi mawu a pamaliro kuti sabata ino tikumbukire Asuba-Simbiti, anthu akutali kwambiri, amene ambiri amapita kutchalitchi koma amaopabe mizimu ya makolo. Anati tigwade, tiwapemphere kuwala. Tonse tinagwada. Kumbuyo kunatsala munthu mmodzi ali chilili, mabuku a nyimbo ali m'manja: a Magesa.

"Abusa, anthu akutaliwo ndine. Mpando uwu ndaukhalira zaka khumi ndi zinayi."

Abusa anayesa kukonza, akuti iwo ankaganiza kuti Atanzania onse ndi amodzi. Apo ndiye anathira mafuta pamoto.

"Mwati mizimu? Chaka chatha munakwera ndege mpaka ku Ntcheu kukamanga chiliza cha bambo anu, poti ankakubwererani kutulo. Pepala lanu lili kuti, tikugwadireni nanunso?"

Woyimba kiyibodi anabisala kuseri kwa chipangizo chake, mapewa akugwedezeka. A Magesa sanaseke. Anati kwawo anthu amamudziwa Mulungu, chimene amafuna ndi kumumva m'chilankhulo chimene amayi awo anawalera nacho. Anatinso pa zaka zonsezo palibe anawafunsapo kuti kwawo Mulungu amamutchula bwanji. Ndipo zoona, ngakhale tsiku limenelo palibe anafunsa. Tinapita kukamwa tiyi.

Ine ndinali nditangomaliza mayeso, zotsatira zosati n'kupachika pakhoma, ndikungozungulira m'masitolo kufunsa ntchito. A Magesa anandiitana.

"Iwe, mutu wako ulibe katundu panopa. Ubwere Lachiwiri."

Mtima wawo unali utayamba kuvuta. Imfa sankaiopa. Ankaopa kukwiriridwa m'dothi la Angerezi popanda liwu ndi limodzi lomwe la Chisimbiti. Mwana wawo ali ku Canada ndipo amayankha m'Chingerezi. Choncho Lachiwiri lililonse, pabenchi ya m'paki, ankandiphunzitsa pemphero limene bambo awo ankanena asanalowe m'ngalawa. Mizere khumi ndi iwiri. Ndinapempha kuti ndijambule pafoni, anakana. Ndinatulutsa cholembera, analanda. Akuti iwo analilandira kuchokera pakamwa, nanenso ndililandire pakamwa. Ndikalakwitsa ankandigogoda bondo ndi ambulera n'kunena kuti ndapempha Mulungu atipatse mbuzi m'malo mwa mphepo yabwino.

"Agogo, nanga Mulungu sangamve zimene ndikutanthauza?"

"Angamve. Koma ine ndidzakhala m'bokosi, ndikuchita manyazi."

Anamwalira mu Febuluwale. Kukachisi wa kumanda anatipatsa mphindi makumi anayi, ndipo dzina langa linali pa pulogalamu. M'mawa wa maliro ndinapeza alifufuta ndi bolopeni. Abusa anandikokera pambali.

"Mwanawe, sitingalole mawu amene sitikudziwa tanthauzo lake. Mwina muli za mizimu."

Mumpingo womwewu, Lachisanu lililonse anthu amalankhula malilime ola lathunthu popanda womasulira, ndipo timawombera m'manja. Koma chilankhulo chenicheni, chokhala ndi eni ake, chinawaopsa. Nthawi yanga inapita kwa wapampando wa komiti, amene anatha mphindi khumi ndi zisanu akufotokoza mmene iyeyo anafikira ku London.

Kumanda kunkagwa mvula. Bokosi litayamba kutsika, ndinangoyamba, osapempha aliyense. Amayi anga anandikoka jekete. Abusa anakweza dzanja kuti oyimba andimize ndi nyimbo, koma Mayi Gladys anatembenuka n'kuwayang'ana mmene amayang'anira madokotala aja.

"Musiyeni mwana amalize."

Ndinafika kumapeto, mizere yonse khumi ndi iwiri. Sindinapemphe mbuzi.

Panopa holo yathu yopemphereramo ili bwinobwino, mwaulemu, ngati chipinda chodikirira kuchipatala. Pasiteshoni palibe amakugwira mkono, aliyense amakwera sitima yake pa nthawi yake. Pabenchi ija pamakhala mayi wina wodyetsa nkhunda. Ine pempherolo ndimalibwereza m'basi popita ku shifiti, poti ntchito ndinaipeza, yosanja katundu m'mashelefu a m'sitolo. Sabata yatha ndinakakamira pa mzere wachisanu ndi chitatu. Pali mawu awiri amene sindikudziwanso kuti loyamba ndi liti. Lamulungu ndinaima pakhomo n'kuyang'ana holo yonse, anthu makumi asanu ndi limodzi, ndikufuna mmodzi yekha woti ndimufunse. Munandipatsa moni nonse, mmodzimmodzi, n'kukakhala pansi.