Mabuku Opanda Zikuto

Lolemba
Laibulale yathu ya ku Likangala ikulowa m'dziko latsopano, ndipo woilowetsa ndine! Ndapeza pulogalamu yaulere yosungira maina a mabuku, ija aliyense amaloledwa kuitenga n'kuikonza mwini. Mayi Mponda, apampando a komiti, akuti ndiwaonetse Loweruka. Ikapanda kugwira, kompyuta yathu imodzi yomweyi ikupita ku ofesi ya a mlembi. Ndawayankha kuti Lachitatu ndikhala nditamaliza. Pakamwa pangapa!

Lachiwiri
Pulogalamu ndi yaulere, inde. Bandulo ya intaneti ayi. Yathera pakati ndikutsitsa. Magetsi nawo athima. Ndikungopukuta sikirini kuti olowa aone ngati ndili bize.

Lachitatu
Yalowa! Ndikuvina ndekha kuseri kwa mashelefu. Kenako ikufunsa dzina la buku, wolemba, chaka. Apa ndiye pavuta. Mabuku onse amene ana a Fomu 4 amalimbirana alibe zikuto, masamba oyamba anathothoka kalekale. Ife timawadziwa chonchi:
Bayoloje wonenepa
Masamu wa selotepi
Lija linanyowa ndi mvula
Zaka zonsezi ndikubwereketsa mabuku osadziwa maina ake. Ine, munthu wa satifiketi!

Lachinayi
Ndikufunsa pa intaneti kwa anzathu akunja amene amagwiritsa pulogalamuyi. Anthu abwino, ayankha msanga. "N'zosavuta, onani pachikuto." Zikomo kwambiri, bwana.

Lachisanu
Chifunga chatsika kuphiri, zala zauma gwa. Basi, ndikungolemba mabuku mmene timawatchulira. Agogo ena amene amabwera kudzawerenga nyuzipepa akundisuzumira: "Achimwene, makinawo sanaphunzirebe?" Ndikuseka nawo, koma mawa ndi Loweruka. Mantha enieni.

Loweruka
Komiti yafika, ine tayi pakhosi. Mayi Mponda akuti ndifufuze buku la Jogalafe. Ndadina. Yagwira, abale, yagwiradi! Pa sikirini patuluka: "Lija linadyedwa ndi chiswe." Akuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, kenako akuvula magalasi. "Ndiye tikaonetse alendo zimenezi?" Ndisanayankhe, a mlembi agwada kale pansi pa tebulo, akuzula mawaya. Ndawathandiza kumanga kompyuta pa kabaza ndi mphira wanga yemwe.

Lamulungu
Ndachokera kutchalitchi, ndagona chagada. Zandiwawa, sindinama. Ana aziitanitsabe Bayoloje wonenepa, ine ndizikatenga pashelefu ndi manja, monga kale.

Foni. A mlembi. Akuti kompyuta ikangoyaka ikutsegula za mabuku zokhazokha, kalata sakutha kulemba. "Mubwere mawa mudzachotse zinthu zanuzi. Paja katswiri ndinu."

Koyamba kunditchula katswiri. Ndati ndifika mamawa.

Kachotsedwe kake sindikadziwa.