Tsiku Limene a Khalidi Anapempha Shuga

Malemu a Khalidi Sulemani sankapereka moni ngati anthu ena. Ife tonse kuno kwa Malengachanzi timati "Muli bwanji?", koma iwo ankayamba aika kamawu kamodzi patsogolo. Akakumana nawe panjira, kaya uli ndi apongozi ako, kaya wasenza mtolo wa nkhuni, ankakugwira dzanja n'kufunsa mokweza kuti, "M'mimba muli bwanji?" Ukayankha kuti uli bwino sankakusiya ayi. Ankafuna adziwe ngati wapitako kuchimbudzi m'mawa umenewo, ndiponso ngati zinayenda mwaulemu kapena mwankhondo.

Ine ndine Salma, mwini tiyirumu ya m'mbali mwa msewu wa tala, ndipo ndinene poyera kuti bambo amenewa anali mdani wanga. Chotidanitsa chinali shuga, yemwenso tsiku lina anatsala pang'ono kutitayitsa mwana tonsefe tikuona. Tangoganizani, munthu anadula nzimbe ku Dwangwa mpaka kumera imvi, koma atapuma ntchito anabwera kuno n'kulengeza kuti shuga ndi poizoni.

"Ndamudula ndi manja angawa, ndikumudziwa," ankatero. "Kumunda kuja timayamba tamuwotcha, njoka zonse n'kuthawamo. Chinthu chothawidwa ndi njoka, inu n'kumamwetsa ana?"

Kwa iwo matenda onse ankachokera m'mimba. Mutu ukakuwawa, vuto ndi m'mimba. Mwana akalephera masamu, ndiye kuti njoka zam'mimba zikumudyera nzeru, atafune njere za papaya. A Grey, amene amasoka nsapato pamsika, atadandaula kuti akazi awo athawira kwawo, a Khalidi anawathyolera masamba a nimu. "Inu mumawononga mpweya m'bulangete," anawauza pagulu. "Ndani angapirire?" A Grey anamwa, ndipo mayi aja anabwereradi. Mpaka lero sitidziwa ngati anabwezedwa ndi nimu kapena ndi ankhoswe.

Pakhonde pawo panali mabotolo pamzere: ufa wa chammwamba, malambe, chidede, gaga wokazinga, usipa wosinja wothira m'phala la ana. Ndisawanamizire, ana ambiri onyentchera anawongokera pakhonde limenelo. Koma ana omwewo akangomva belu la njinga yawo ankameza switi yathunthu osatafuna, chifukwa a Khalidi ankalanda n'kukupatsa lambe.

Chimene chinatisokoneza tonse ndi msampha umene anatitchera chaka china. Anayenda nyumba ndi nyumba nkhope ili yachisoni, akuti kwawo kwafika alendo ochokera ku Nkhunga ndipo akusowa kashuga ka tiyi. Amayi anatapa mwachifundo, aliyense m'kapepala. Kunalibe alendo kumeneko! Anakakhuthula shuga yense pachulu, ife tikuona, n'kunena kuti, "Idyani inu nyerere, mulibe mano oti awole." Kuyambira pamenepo shuga anayamba kubisidwa ngati chamba. Ena ankamutsomeka kudenga, ena pansi pa matiresi. Mayi Jenifa, oyandikana nawo nyumba, ankasunga wawo m'kati mwa wailesi yakufa.

Ku tiyirumu kwanga sankaponda n'komwe. Ankaima tsidya la msewu n'kumawerengera makasitomala anga mano otsala.

"Salma!" anakuwa tsiku lina. "Tsiku limene ndidzaponde pakhomo pakopo, udzadziwe kuti Kiyama chafika, dziko latha!"

"Mudzandipeza nditatereka kale madzi," ndinayankha motero.

Koma moni wawo uja unafika pachimake pa ukwati wa Zahra, mwana wa mlongo wawo, yemwe anamulera okha mayi ake atamwalira. Zahra ankakwatiwa ndi Sadick wa ku Nkhunga, ndipo akuchimuna anabwera lole yodzadza. Shehe atangomaliza kumanga ukwati, anthu ayamba kudya mpunga, a Khalidi anapita pamene panakhala mkwatibwi.

"M'mimba muli bwanji, mwanangu? Kusanza kwa m'mawa kuja kwasiya?"

Azakhali ake a Sadick anatsala ndi mpunga m'manja, kukamwa kuli yasa.

"Mwati chiyani, bambo?"

"Ndati kusanza. Sabata yonseyi, kukangocha. Koma musadandaule, amene wachititsa ndikumudziwa."

"Ndani?"

"Stefano, wa mandasi uja."

Kalanga ine! Stefano anali pomwepo, nyama ili m'kamwa. Sanadikire kuti afotokoze, anangolumpha mpanda wa bango n'kusiya patapata imodzi. Sadick anavula kofia n'kumadzikupiza nayo. Akuchimuna anayamba kukwera lole, ena atanyamula mbale zomwe. Zinatengera shehe ndi akuluakulu mpaka nthawi ya swala, pemphero la madzulo, kuti amvetsetse kuti mlandu wa Stefano unali mafuta obwereza okazingira mandasi, osati zinazo. A Khalidi okha ndi amene ankadabwa kuti anthu akwiya chiyani. Hamza, mwana woyamba wa Zahra, anabadwa patapita zaka ziwiri, komabe azakhali aja anayamba awerenga miyezi ndi zala.

Hamza ameneyu anali mtima wa a Khalidi. Ankapita kukamuona asanamwe n'komwe madzi, n'kumagogoda kamimba kake ndi chala ngati akusankha chivwende. Phala lake linali la mgaiwa, nsinjiro ndi chammwamba. M'nyumba ya Zahra munalibe shuga ngakhale wa mankhwala, chifukwa amalume ake anamuthamangitsamo kalekale.

Ndiye kunabwera dzinja lija shuga anasowa m'magolosale, ife okhala pafupi ndi minda ya nzimbe n'kumamufuna ngati golide. Hamza, asanakwanitse chaka, anayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza. Sadick anali ku ntchito ku Dwangwa. Mlangizi wa zaumoyo, amene amasunga timapaketi ta otsegula m'mimba tothira m'madzi tija, anali atapita ku Boma. A Khalidi anayesa masamba a gwafa, anayesa madzi a mpunga, koma mwana ankangofookerafookera. Pofika masana a tsiku lotsatira anali atasiya ngakhale kulira.

Apa m'pamene mudzi wonse unaona malodza. A Khalidi anatuluka m'nyumba ya Zahra ali wefuwefu, opanda nsapato, n'kukagogoda kwa Mayi Jenifa.

"Mayi, ndithandizeni shuga. Hamza wadwala."

"Shuga? Ife?" anatero Mayi Jenifa, dzanja lili pachifuwa. "Chitilangizireni paja, a Khalidi, sitikudziwanso kuti amaoneka bwanji." Akulankhula choncho, nyerere zinali pamzere kulowa mu wailesi.

Anathamangira nyumba ina. "Tinasiya kalekale." Ina. "Mwana wanga sanamulawepo chibadwire." Mayi wina anachita kuwayamikira kuti msampha wa ulendo uno autchera bwino, mpaka misozi yomwe. Aliyense ankakumbukira chulu chija. Munthu ankanena zoona zokhazokha, mwana akutha m'nyumba, koma mudzi wonse unkamunamiza mwaulemu, uku ukumwetulira.

Ine ndinali ndikutsuka makapu pamene chithunzi cha munthu chinatchinga pakhomo. Nditadzutsa mutu ndinaona phazi la a Khalidi, lamatope, lili m'kati mwa tiyirumu yanga. Kapu inandipulumuka. Kunena zoona ndinasuzumira kumwamba kuti ndione ngati Kiyama chayambadi.

"Salma," anatero. "Shuga."

Ndinali ndi chitini chimodzi chotsiriza, ndipo yankho la anzanga lija linali litafika kale pamlomo. Koma china chake chinkasowa. Ndinawayang'ana, ndipo ndinazindikira kuti sanandifunse za m'mimba. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, a Khalidi anaima pamaso pa munthu osapereka moni wawo. Ndinadziwa kuti kwagwa zoopsa, chifukwa galu wamkota sakandira pachabe. Ndinawapatsa chitini chonse, ine n'kunyamula ketulo ya madzi owiritsa amene anali atazizira kale. Paja ndinawalonjeza madzi.

Tinapeza Zahra atakhala pamphasa, mwana ali lobodo pamiyendo. Maso anali atalowa m'kati, liwombo litabonya ngati kambale. Azakhali a ku Nkhunga aja analiponso, atabwera kudzazonda.

"Si inu a mankhwala?" anawakalipira. "Liwombo lagwa ili, pakanipo mizu yanu ija!"

"Mitengo yanga yafika pamalire, mayi," anatero a Khalidi. "Mwanayu wauma. Ku nzimbe munthu akagwa chonchi ankamumwetsa madzi a mchere ndi shuga. Timumwetse, kenako tithamangire naye kuchipatala."

Kuchipatala! Mawu amenewo kutuluka pakamwa pa a Khalidi, amene ankati kuchipatala n'kumene anthu amakasiya ndowe zawo kwa alendo! Amayi amene anatitsatira anali atadzadza pakhomo ndi pawindo. Anawaona akutsina mchere, akutapa shuga ndi supuni, akutakasa. Kenako anatunga pang'ono n'kuika pa lilime lawo. Mayi wina anakuwa ngati waona njoka.

"Asapose misozi kuwawa mchere," anatero, ngati akudziuza okha. Poyerekeza sanavutike, chifukwa misozi inali ikutsikira kale m'ndevu zawo. Anagwada n'kuyamba kudonthezera Hamza m'kamwa pang'onopang'ono. "Ndine ndinachotsa shuga m'nyumba muno, Zahra. Akapita mwanayu, ndamupha ndine."

"Amalume, musatero," anatero Zahra. "Taonani, akumeza."

Anali akumezadi. Mnyamata wa kabaza atafika ndi njinga yamoto, anakwera onse, Zahra pakati ndi mwana, a Khalidi kumbuyo atakumbatira botolo ndi supuni. Akuti njira yonse yamatope ija ankaimitsa njinga kuti amwetse mwana, n'kukalipiranso wa kabaza kuti akuchedwa. Kuchipatala anamuika madzi a m'mitsempha, ndipo Hamza anabwera wamoyo. Anamwino akuti anawakonda, ngakhale kuti tsiku lotuluka anawafunsa onse za m'mimba, mmodzimmodzi, mpaka dokotala.

Mwina mukuganiza kuti anasintha. Ayi ndithu. Sabata yotsatira anali tsidya la msewu akuwerengeranso makasitomala anga mano. Za tsiku lija sanazitchulenso, ndipo ife, pochita manyazi, sitinazitchulenso.

Anatisiya chaka chatha, itangopita Idi, atakhala pakhonde pakati pa mabotolo awo. Hamza, amene tsopano ali Sitandade 2, ndi amene anapeza kuti agogo sakudzuka. Tinawaika tsiku lomwelo. Itatha sadaka, amayi tinalowa m'nyumba kuti tithandize Zahra kulongedza. Mayi Jenifa anasuntha mabotolo a kuchipinda, n'kupeza kuseri kwake chitini changa chija. Atatsegula anakuwa mpaka a panja anathamangira m'nyumba.

"Shuga! Anthuni, shuga! Paketi yathunthu! Munthu amatilanda ife, iye akunyambita kuchipinda!"

Tonse tinagwira pakamwa. Wina anati n'chifukwa chake ankatseka chitseko masana. Wina anati ankawaona ndithu kuti masaya akusalala. Ine ndinakwiya kwambiri, ndikakumbukira zaka zonse zimene ananditukwanira tiyi wanga.

Zahra analandira chitinicho n'kutulutsamo zotsala: kathumba ka mchere, timapaketi ta kuchipatala, ndi supuni ija. Anati dzinja lililonse amalume ake ankapalasa njinga mpaka kwa Kanyenda, kumene sankadziwika, kukagula paketi imodzi. Ankati sakufuna kudzagogodanso pakhomo pa munthu mwana akuuma.

Kenako mkazi wa a Grey anatsokomola.

"Wanga wamng'ono uja atatsegula m'mimba, anabwera nacho chitinichi atachibisa m'thumba la chammwamba. Anandiperekeza mpaka kuchipatala. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu."

"Nanenso," anatero mayi wina.

"Inenso, kawiri konse."

Aliyense ankayesa kuti chinsinsicho n'chake yekha. Mayi Jenifa anakhala pansi pomwepo, pasimenti, chivindikiro chili m'manja. Iwo a Khalidi sanawabweretserepo chitinicho, poti ana awo anakula kale. Anangoti, "Ndipo tsiku lija ndinali naye mu wailesi," n'kufunda nkhope ndi chitenje.

Chitinicho chinabwerera kwa ine. Chili pashelefu ya pamwamba, ndipo ngakhale shuga atasowa bwanji sinditapamo wa tiyi. Mayi aliyense kuno amadziwa kuti mwana akayamba kutsegula m'mimba angobwera kudzatenga, osagogoda, kenako athamangire kuchipatala.

Masiku ano shuga ali poyera pamatebulo, ana amatafuna maswiti awo mosathamanga, ndipo wailesi ya Mayi Jenifa inatayidwa kudzala. Makasitomala anga amathira masupuni mmene afunira popanda wowakuwira tsidya la msewu. Ndinkaganiza kuti ndidzasangalala, koma ndawasowa bambo aja, ndawasowa kwambiri. Anthu amalowa n'kundifunsa kuti, "Muli bwanji, Mayi Salma?" Ndimayankha kuti ndili bwino, iwo n'kukhala pansi. Palibenso wondigwira dzanja n'kukakamira kuti adziwe ngati ndikunena zoona.