Tepi ya M'chipinda Chozizira

Dilu yonse yokaba inapsera m'bala ina, pa botolo lachinayi. Sipanala, yemwe amati ndi wokonza mafiriji ngakhale palibe firiji inadzukapo m'manja mwake, ndiye anabwera ndi nkhani. Anati kuseri kwa msika kuli mdala wina, kale ankagwira ntchito kuwailesi, amene ali ndi chipinda chomwe makina oziziritsa sazima chaka chonse, pomwe mwiniwake amagona kotentha ngati mbatata ya m'phulusa. Polowamo amavala magolovesi oyera. Wailesi, sipika, chilichonse cha maginito, saloleza kuti chifike pakhomo.

Jenerali, mkulu wa gululi, amene usilikali wake wonse unali jekete yogula pakaunjika, anagogoda tebulo.

"Mafana, munthu saziziritsa mphepo. Muli golide mmenemo."

Kamphepo, wothamanga wa gulu, anafunsa ngati golide amasungunuka ndi dzuwa. Anamuuza kuti ntchito yake ndi miyendo, mutu ausiyire akuluakulu.

Lachitatu masana, mdala atapita kuchipatala kukatenga mankhwala, akuluakulu aja anafika. Sipanala analimbana ndi loko mpaka thukuta kamukamu. Itati "kwe!" anakankha chitseko, osatseguka. Zinadziwika kuti mdala anaiwala kukhoma, ndipo dolo wathu anali atamukhomera bwinobwino. Anayambiranso.

M'katimo munali kuzizira, mopanda kafumbi ngakhale kamodzi. Makatoni opyapyala anali chilili m'mashelefu ngati mabuku, palibe yogonekedwa. Anatsegula yoyamba: gudumu lokulungidwa kalamba kofiirira. Yachiwiri, chimodzimodzi. Matepi okhaokha, akalekale!

Koma Jenerali sanalakwitsepo chibadwire. Anati chuma amachibisa pakati penipeni pa gudumu. Analoza makina apakona, pomwe panali magudumu awiri, lodzaza ndi lopanda kanthu, ndi kapepala koti OSAKHUDZA.

Sanadziwe kuti chaka chilichonse mdala amapukusa tepi iliyonse kuchoka pa gudumu lina kupita pa linzake kuti isamatane, ndipo nsonga ya imeneyi anali ataikola kale pa gudumu lopanda kanthu lija. Sanadziwenso kuti munali mawu a malemu mkazi wake akuimba. Kwina kulikonse padziko mawuwo kunalibe.

Kamphepo anazula gudumu lodzazalo, nalipisa kunsonga ya ambulera, ambulerayo paphewa, liwiro! Kumbuyo kunkamveka "fwiii," iye n'kumati ndi mphepo ya liwiro lake. Katundu atayamba kupepuka, anauza anzake kuti thupi lazolowera.

Mdala pobwera anapeza kalamba kakutuluka pakhomo pake, kudutsa pampanda, kulowera kumsika. Sanakuwe. Anavala magolovesi, natenga gudumu lotsala lija, kulowetsa pensulo pakati, n'kuyamba kukulunga akuyenda pang'onopang'ono.

Mayi wogulitsa tomato atamva kuti m'tepimo muli mawu a malemu, anaitana anzake. Posakhalitsa msewu wonse unali utanyamula tepi m'mwamba ndi timitengo kuti isakhudze dothi. Minibasi zinaima. Kondakitala wina atayamba matukutuku, amayi anamuyang'ana mpaka anatsika n'kugwira nawo. Wapolisi amene anabwera kudzabalalitsa anthu anangotsatira pambuyo, chipewa kumanja, poyesa ndi maliro.

Tepi inakhota pa sitolo ya matayala, n'kulowa pa zenera la bala ija. Ndiye kuti anthu okonza dilu sabata yathunthu anakabisala pomwe amamwera tsiku ndi tsiku.

Anawapeza atazungulira tebulo, akusenda zotsala kuti aone golide. Jenerali ataona khamu anafuna kuponya gudumu pansi.

"Mwanangu, ukaligwetsa ndikuluma," anatero mdala. "Gwira ambulerayo mowongoka. Zala zakozo zisakhudze."

Wapolisi anatulutsa unyolo, koma mdala anati adikire kaye. Choncho Jenerali anaima njo pamaso pa msika wonse, ambulera m'manja, mpaka tepi yonse inabwerera kwa mwiniwake. Pakati pa gudumu panatsala bowo.

Kupolisi anafuna umboni woti katunduyo ndi wa mdala. Mdala anabweretsa makina ake, napukuta tepi ndi kansalu kofewa, n'kuiyatsa. Poyamba kunali phokoso ngati mvula pamalata. Kenako mawu a mayi anatuluka, oyera, akuimba motsitsa. Pomwe tepi inakhudza mpanda, mawu ananjenjemera pang'ono, n'kupitirira. Mdala anavula magalasi. Ngakhale Sipanala anazyolika.

Nyimbo itatha, kunamveka mpando ukukokedwa, malemu akuseka, kenako n'kufunsa:

"Bambo a mwana, kodi chitseko chija mwakhoma?"