Msewu Wodutsa M'mapira Athu

Lolemba

Sabata yachitatu msewu uli chitsekere. Migolo iwiri uku, migolo iwiri uko, pakati dzenje loti aikemo kalavati. Ine ndi chiwaya changa cha nyama ya mbuzi tatsekeredwa pakati pomwepo, m'mphepete mwa dzenjelo. Akabaza onse ochokera ku Ngabu akuzungulira kutali, kuseri kwa dibi la ng'ombe. Ndakalambira pansi pa mtengo wa masawu uwu ndikuotcha nyama, zoterezi sindinazionepo.

Ogula a lero:
- mphunzitsi wina wosochera, nthuli ziwiri
- ntchentche, zosalipira
- galu wa kwa a Fombe, wangonunkhiza n'kumapita. Ngakhale galu!

Ogwira ntchito pa dzenje alipo anayi. Mmodzi akukumba, atatu akumuyang'anira. Kwa ine sagula, amabwera ndi mbatata zawo.

Mawa ndikupita ku khonsolo. Akandimva.

Lachiwiri

Ndavala jekete, dzuwa likuswa mtengo. Mlembi wa pawindo akuti: "Agogo, lembani dandaulo lanu muponye m'bokosi umo. Kapena tikulembereni?" Kundilembera ine! Sukulu sindinaipondepo, inde, koma zilembo ndinazitola ndekha pa matumba a thonje iye asanabadwe. Ndipo nkhani si imeneyo. Munthu wamkulu sadandaulira bokosi. Mlandu umakambidwa pamaso, wina n'kuyankha.

Ndasuzumira m'bokosimo. Mavu amangamo nyumba, ali ndi ana kale.

Bwana ali ku msonkhano. Wachiwiri wawo ali ku maliro. Wachitatu waperekeza wachiwiri.

Pobwerera nzeru yandipeza panjira. Kuseri kwa chiwaya changa kuli munda wathu wa mapira. Nditadula mizere itatu yokha, njira ilambalala dzenje n'kukatulukiranso pa msewu. Aliyense azidutsa pamphuno panga! Ophunzirawo zimenezi sangaziganize.

Lachitatu

Mbandakucha, chikwanje m'manja. Mizere itatu pansi. Mapira atsala milungu iwiri kuti akhwime, ngala zake zolemera bwino. Mtima wandiluma pang'ono, koma nyama ikayenda tigula chimanga.

Mkazi wanga, mai a Zuze, aima pa chulu manja m'chiuno: "Ine masiku onsewa kusasa mawu kuingitsa mbalame m'munda muno, osadziwa kuti mpheta yaikulu ndikugona nayo m'nyumba!" Akazi saona patali.

Ndapha mbuzi yathunthu. Wakabaza woyamba wadutsa, dzanja m'mwamba: "Takhuta, mdala!" Wachiwiri chimodzimodzi. Mpaka dzuwa kupendeka ndangokolola zikomo wa Chisena yekhayekha. Woima palibe. Akuti potulukira pali chitunda, ukaima ndi munthu kumbuyo sukweranso. Ulesi basi. Ife tinkakwera pamenepo ndi thumba la thonje pamutu.

Lachinayi

Mbiri yafika pa msika. Zadutsa lero:
- njinga zakapalasa, zosawerengeka
- njinga zamoto, fumbi lokhalokha
- ngolo zinayi, ng'ombe zikudya uku zikuyenda, kumanja ngala, kumanzere ngala
- maliro amodzi, amenewa sindikanawaletsa

Ngolo sikwana pa mizere itatu. Tsopano mizere yogona ndi isanu ndi iwiri.

Nyama yavala fumbi. Wogula mmodzi yekha, waluma n'kulavula: "Madala, mwathira mchere kapena mchenga?" Mwano! Komabe mbuzi ya dzulo ija yayamba kumveka fungo. Kutentha kwa kuno sikusunga chinsinsi cha munthu.

Ndapingasa mtengo panjira kuti aziima kaye. Wina waumangirira pa njinga n'kupita nawo. Nkhuni.

Lachisanu

Galimoto ya khonsolo! Bwana uja wa ku msonkhano watsika yekha, mimba patsogolo. Ndapukuta benchi. Ndati lero ndi lero, mlandu ukambidwa pamaso.

Ndisanatsegule pakamwa wandigwira dzanja ndi manja awiri: "Bambo, anthu ngati inu ndi amene timawafuna pa chitukuko." Andijambula chithunzi nditaima pakati pa mapira ogonawo. Ndinawongola jekete, ndisaname. Bwana wadya chiwindi chomwe ndinabisa m'poto kuopa fumbi, mtengo wake osafunsa. Wodula matikiti a msika yekha ndiye sanandiiwale. Akuti malonda ndi malonda, ayende asayende.

Pochoka akhoma chikwangwani pa mtengo wanga wa masawu, muvi woloza m'munda. Ndachiwerenga ndekha, chilembo ndi chilembo: DUTSANI APA.

Dandaulo lija ndalikumbuka galimoto itapita.

Loweruka

Pa dzenje pali zii. Anthu anayi aja akukweza mafosholo ndi matumba a simenti mu lole. Kapitawo wawo akuti: "Popeza anthu apeza podutsa, kuno kulibenso changu. Atiuza tipite kumene kwavuta." Mubweranso liti? "Ndalama za chaka chamawa zikatuluka, madala."

Lole yawoyo yatulukira m'munda mwanga. Mizere khumi ndi iwiri.

Ndatseka njira ndi nthambi zaminga. Akabaza aunjikana ngati pa bwalo la mlandu, mmodzi akuloza chikwangwani, kukana m'Chisena: "Nkhabe, mdala! Uwu ndi msewu wa boma tsopano." Achotsa minga ine ndikuona. Wa boma! Chikwanje changa, matuza anga!

Mai a Zuze ndi akazi anzawo akudula ngala zotsala, zosakhwima zomwe, kupikisana ndi ng'ombe. Sakundilankhula. Madzi osamba ndatunga ndekha.

Lamulungu

Ku tchalitchi abusa athokoza "mkulu wina woolowa manja amene wapereka munda wake kuti anthu azidutsa." Mpingo wonse m'manja phuphuphu. Mai a Zuze akuyang'ana kudenga.

Mapira opulumuka akwana madengu awiri. Chaka chatha nkhokwe inadzadza. Nyama yotsala ndapatsa galu wa kwa a Fombe. Lero walandira.

Chiwaya ndachivundikira. Ndang'amba tsamba m'kope lino, ndalemba dandaulo, zilembo zazikuluzikulu ngati za pa matumba a thonje. Mawa ndikaponya m'bokosi muja. Ndikwera kabaza, tidutsa m'munda mwanga.

Mavu aja akaliona. Ku khonsolo konse kuja ndi okhawo amene amapezeka pa ntchito tsiku lililonse.