Thonje la apongozi ndi mphepo ya panyanja

Pepani kuti munthu ngati ine, amene sukulu ndinaiyambila pansi pa mtengo ku Nyalugwe, ndalimba mtima kulemba. Koma nkhani ya thonje la apongozi anga anthu akuikamba mokhota mpaka ku Kacholola, ndiye bola manyazi anga ndiwanene ndekha.

Chaka chimenecho ndinali mkamwini watsopano kwa a Mwanza, atate a mkazi wanga Misozi. Ndinkafunitsitsa aone kuti mwana wawo sanalakwitse posankha ine. Msuweni wanga Yotamu, wophunzila ku Lusaka, anali atandiikila mapu a mphepo pa foni. Anati setilaiti ili kumwamba imaponya pansi mafunde onga a wailesi, otchedwa maikolowevu, ndipo akabwelela imadziwa mmene mphepo ikuombela. Anapitiliza kufotokoza, koma ine ndinali nditaleka kale kumva (maso anali pa timivi tokongola toyenda pa foniyo).

Thonje tinalitola lili ndi mame, ndipo ogula salandila lonyowa. Linafunika kuyanika. A Mwanza anayang'ana nsonga za mitengo ya mango n'kuti, "Tidikile. Mphepo ya Juni ilibe ulemu."

Ndinagwada chapatali n'kutsegula mapu. Panyanja yaikulu, kuseli kwa Mozambiki, timivi tinali mbwee. Kwathu kuno, pa Nyimba ndi Petauke, panalibe ngakhale kamodzi.

"Bambo, mailo kulibe mphepo."

"Wakuuzani ndani?"

"Setilaiti, bambo."

"Imalima kuti setilaitiyo?"

Apongozi aakazi, amene mwa mwambo salankhula nane maso ndi maso, anauza Misozi mokweza kuti ndimve: "Uwauze amuna ako, ngati aona bwino ayanike. Tione nawo maphunzilo."

M'mawa mwake Misozi anandinong'oneza kuti tiyambe ndi thumba limodzi. Ndinakana. Ndinakhuthula matumba onse pa matenti, bwalo lonse mbee, ine n'kuima pambali manja m'chiuno (taganizani).

Dzuwa lili pamutu, masamba a mango anayamba kugwedezeka. Kenako mphepo inabwela yonse nthawi imodzi. Thonje linakwela m'mwamba, lina pa denga, lina mu mpanda, lambili m'tchile la minga kuseli kwa khola. Ndinadziponya pa tenti, manja ndi miyendo tambasu, koma ndinapulumutsa longokwana pansi pa mimba yanga. Mbuzi zinadutsa zitavala zoyela. A Phili oyandikana nawo anakuwa ali pa njinga: "Amkamwini, mitamboyi mwaigwetsa ndinu?"

Ndinaimbila Yotamu n'kumuuza zimene setilaiti yake yandichita.

"Iwe, sunamve?" anatelo. "Chinthucho chimawelenga makwinya a pamwamba pa madzi a m'nyanja. Akakula makwinya, ndiye kuti mphepo yakula. Pamtunda sichiona kanthu. Popanda timivi sikuti palibe mphepo, n'kuti sichidziwa."

"Nanga mtsinje wa Luangwa si madzi?"

Anaseka mpaka mayunitsi anga anatha.

A Mwanza sanakalipe. Anandipatsila thumba lopanda kanthu n'kulowa m'nyumba. Koma amalume a Misozi, amene mawu awo ndiwo omaliza pa ukwati wathu, anayamba kufunsa anthu ngati nyumba yanga ya ku Nyalugwe ikali chiimile. Funsolo ndinalimva bwino lomwe.

Ndinatsimikiza mtima kuti sindichoka pamudzipo thonje lili m'minga. Tsiku lililonse mame akauma ndinkalowa m'tchile. Kutola kokha sikunali kokwanila, pakuti ogula safunanso la zinyalala, ndiye kambulu kalikonse ndinkakachotsa masamba ndi chisoso ndi zala. Manja anang'ambika. Malaya anga a ku tchalitchi okha ndiwo anatsala osabooka. A Phili akadutsa ankafunsa, "Lelo nyanja yati bwanji?" Ine ndinkayankha mwaulemu kuti ili bwino, n'kuwelamanso.

Mapu aja sindinawafufute, ndivomele. Ndimawayang'anabe kuseli kwa nkhokwe, koma poyanika chilichonse ndimayamba ndafunsa mango ndi a Mwanza.

Thumba lomaliza a Mwanza anapisamo dzanja mpaka m'chigongono, kufuna munga, osaupeza. Analisoka okha, amalume aja akuona, ndipo anati kwa amalumewo, "Uyu akhala. Mutu uli kunyanja, koma manja ali pano."

Linali Lachitatu, pa 17 Julaye.