Tsiku Limene Ndinatulutsira Apongozi ku Buti

Abale inu, mukafuna kugula galimoto, yambani mwawerenga zitseko. Za injini, za utoto, za chaka, zonsezo zibwere pambuyo. Ine ndikuyankhula pano ndinaziona.

Thoko, chibwenzi changa, amalandira digiri kuno ku Glasgow, ndiye mayi ake, a Nachisale, ananyamuka ku Zomba kudzaonerera. Koma tonse timadziwa kuti ulendowo unali wapawiri: kudzaona digiri komanso kudzandiyeza ine, pakuti nkhani ya chinkhoswe imadikira mawu awo. Ndinati ayi, apongozi sangakwere basi ine ndili moyo.

Mtima wanga unagwa pa kagalimoto kena ka ku Italy, kozungulira ngati dzungu. Ndinakawerenga mbiri yake yonse ngati ndikalemba mayeso: kuti agogo ake anabadwa nkhondo itatha, injini ili kumbuyo, denga la nsalu, kuti mdzukulu anasamutsira injini kutsogolo, kuti pano kuli kamagetsi, kuli kothamanga, kulinso mkulu wake wamtali wa zitseko zinayi. Bambo wogulitsa ku Springburn anali nazo zonse ziwiri, kazitseko ziwiri ndi wamtali uja. Anandifunsa kuti, "Uli ndi banja? Tenga wamtaliyu." Ine eti, "Ayi bwana, wamtaliyo wataya maonekedwe a agogo ake." Katswiritu ameneyo! Anandiuzanso kuti mpando wa dalaivala suweramira kutsogolo, okwera kumbuyo azilowera mbali inayo. Ndinangogwedeza mutu, maso ali pa utoto.

Tsiku litakwana Thoko anatsogola m'mamawa kukavala mkanjo, ine n'kupita ku Govanhill kukatenga mayi. Tsono mukudziwa mwambo wathu: mkamwini sayang'ana apongozi m'maso, sawagwira dzanja, sakhala nawo moyandikana. Chifikireni chawo tinkangopatsana moni chapatali, ine maso pansi, m'manja phwa phwa. Ndiye ndinawatsegulira chitseko chakutsogolo, iwo n'kubwerera m'mbuyo.

"Ine ndikhale phewa ndi phewa ndi inu, bambo? Nditsegulireni chakumbuyo."

Chakumbuyo chiti? Anazungulira kagalimoto konse akuchifuna. Ndinaweramitsa mpando, ndipo mayi aja, munthu wa thupi lake, chitenje chatsopano, duku lalitali, analowa chokwawa, ine ndikuyang'ana kumwamba ngati ndikuwerenga mitambo. Nditabweza mpando ndinamva kuti khwa! Sindinalabadire.

Pamsewu napo zinavuta. Ine ndinaphunzirira pa galimoto za ku Japan kwathu kuja, ndiye dzanja linazolowera kuti indiketa ili kumanja. Za ku Ulayazi kumanjako ndi mawaipa. Pokhota paliponse, mawaipa gwede gwede, dzuwa lili phwee, tsiku lokhalo limene Glasgow inaiwala mvula. Kuti ndibise manyazi ndinayamba kuwaphunzitsa mbiri. "Mayi, kagalimoto aka agogo ake anali ndi injini kumbuyoko kumene mwakhalako." Iwo anangoti, "Oho. Nanga zitseko zina anazisiya kwa agogo akewo?"

Tinafika, anthu akulowa kale mu holo. Ndinatsika mwaulemu, n'kukoka kachitsulo koweramitsira mpando. Kanatsalira m'manja mwanga! Mpando uli nji. Ndinathamangira wa dalaivala, ndipo apo m'pamene mawu a bambo wa ku Springburn anandibwerera. Foni ikulira, Thoko: "Muli kuti? Atseka zitseko posachedwa!" Mayi abwera ulendo wonsewu, ndege ziwiri, kuti adzaonere digiri ya mwana wawo pa windo la dzungu langa? Mantha anandigwira zenizeni, ndinaona ukwati ukundithawa ndikuyang'ana.

"Mayi, mungadutse pakati pa mipandopa?"

"Bambo, mwandiona bwino ine?"

Mzungu wina wodutsa anaima nati, "You awright there, pal?" Ndinati zonse zili bwino, thukuta likutsikira m'kolala. Kenaka nzeru zinabwera. Pa zonse ndinawerenga zija panali chinthu chimodzi chothandiza: mpando wakumbuyo umapindika theka. Ndinatsegula buti, ndinawapempha asunthire mbali imodzi, n'kugwetsa theka linalo. Njira inaoneka, koma yofuna wokoka.

Ndinagwada pamsewu, ndili mu suti, maso pansi. "Mayi, pepani, mundikhululukire, ndipatseni manja."

Kenaka ndinamva, "Thoko ndi mmodzi, digiri ndi imodzi. Kokani!"

Ndinakoka, abale. Duku linatsogola, mapewa anatsatira, pakati panavuta pang'ono, iwo akulamula okha ngati kondakitala, "Kumanzere! Kokaninso!" Mwadzidzidzi anatuluka onse nthawi imodzi, ine chagada pansi, apongozi ali m'manja mwanga. Ndipo ndani amadutsa nthawi yomweyo? Amayi a kumpingo kwathu, gulu lonse, atanyamula maluwa. Wina anayamba nthungululu, enawo n'kulandira.

Mayi anadzuka, anakonza duku, anandiyang'ana m'maso koyamba chibwerereni, kenaka anaphulika kuseka mpaka misozi. Anandigwira pamkono n'kuti, "Thamangani, mwana wanga!" Tinalowa wapakhomo atagwira kale chitseko. Dzina la Thoko litaitanidwa, nthungululu ya a Nachisale inadzaza holo yonse, azungu mpaka kutembenuka, ine ndili pambali pawo, phewa ndi phewa, bondo la thalauza litang'ambika. Chimwemwe chimene ndinamva sindingachifotokoze.

Madzulo tikudya, ndinayamba kupepesa. Anandidula. "Mwamuna wina akanathamanga kukaitana anthu, ine n'kuphonya mwana wanga. Inu munagwada pamsewu. Uzani amalume anu abwere, tikambirane." Thoko anabisa nkhope m'manja, ine ndinangotsala pang'ono kuvina pa tebulo.

Pobwerera anakhala kutsogolo, mwambo tinali titausiya m'buti. Mawaipa atayambanso gwede gwede pokhota, iwo anati, "Asiyeni, akutiombera m'manja."

Kagalimotoko ndikadali nako, mpando ndinakonzetsa, ndipo kumpingo amakatchula kuti Apongozi. Koma ndinalumbira: galimoto yotsatira, kaya agogo ake anali ndani, ndidzayamba ndawerenga zitseko. Paja malume a Thoko akubwera ku ukwati, ndipo ndamva kuti a Nachisale ndiye ochepa thupi m'banjamo.